Kodi n'kuchimwa kuchotsa chiberekero?

Makolo sanalakwe potchula mkazi woyembekezera kuti wapakati, pakuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Koma ngozi ina imadza mwana atabadwa kale, nthungululu zikumveka. Chiberekero chikalephera kufinyika, mitsempha yomwe inagwira nsengwa imatsala yotseguka, ndipo magazi amangotuluka. Akapitirira theka la lita azamba amada nkhawa. Akapanda kuleka, mayi atha kutsirizika m'maola awiri okha.

Pa chipatala cha Mwanza pamachirira amayi a kwa Kanduku, a kwa Nthache, ndi ena ochokera ku Zóbuè, kutsidya kwa malire. Kumeneko, monga kwina konse, mayi wotaya magazi amayamba amsisita pamimba ndi kum'baya jakisoni wa oxytocin. Zikakanika, pamafunika opaleshoni. Dotolo angathe kumanga mitsempha, kapena kusoka chiberekero mochifinya, njira imene Christopher B-Lynch anaifotokoza mu 1997. Kuchichotsa ndiko kotsiriza.

Apa mwamuna Mkhristu amazunguzika. Anaphunzira kuti kutseka dala mphamvu yobereka n'koletsedwa, monga Papa Pius XI anaphunzitsira mu 1930. Kodi akavomera, sachimwira Mulungu? Mwina atumiza mthenga kwa mwini mbumba ku Thambani, chikhalirecho magazi akutayika, ndipo Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Eklezia anayankha kale. Mu 1952 Papa Pius XII anafotokoza kuti chiwalo chimodzi chingathe kudulidwa pofuna kupulumutsa thupi lonse. Mwendo wovunda saudandaulira dotolo akaudula. Ndipo mu 1993 bungwe la ku Roma loyang'anira chiphunzitso, motsogozedwa ndi Kardinala Joseph Ratzinger, linagamula kuti chiberekero chowonongeka pobereka, chimene chikuika moyo wa mayi pangozi nthawi yomweyo, n'chololedwa kuchichotsa. Dotoloyo sakufuna uchumba, akufuna kuletsa magazi, uchumbawo umangotsatira. Bungwe lomwelo linakana kuchichotsa pongofuna kupewa mimba zam'tsogolo. Mpeni ndi umodzimodzi, chosiyana ndi chimene ukuchiza.

Chovuta chenicheni chimadza mayiyo atabwerera kumudzi. Alipo achibale amene amamnong'oneza mwamuna kuti afune wina womuberekera, ngati kuti ukwati unali m'chiberekeromo. Akatekisti awauze poyera, pa maphunziro a ukwati ndi m'miphakati, kuti mkaziyo akali mkazi wake wa pa guwa, ndipo mwamuna wotenga wachiwiri pa chifukwa chimenechi sangalandire Ukaristia.