Kwa achinyamata a ku Mulunguzi: mukamakambirana ndi Asilamu za Utatu ndi Baibulo

Ana anga, ndamva kuti mukumatumizirana pa WhatsApp timavidiyo ta mitsutso ya Akhristu ndi Asilamu, ndipo ena mwayamba kukaima kudepoti ndi kumsika, Baibulo lili m'khwapa, kusaka woti mumugonjetse. Changu chanucho sindikuchinyoza ayi. Koma tisanafike pa zoyankha, dziwani kaye amene mukumuyankhayo.

Zomba uno ndi dziko la mafumu a Chiyao monga a Malemia ndi a Mlumbe. Amishoni a ku Scotland atatsegula Domasi mu 1884, anakhala m'dera la a Malemia, pa nthawi imene Chisilamu chinali chitayamba kale kulowa pakati pa Ayao kudzera m'njira za malonda zochokera kugombe la nyanja ya mchere. Kuyambira pamenepo takhala tikukwatirana ndi kuikirana maliro. Inu nomwe mwaona pa zovuta kapena pa ukwati: mbuzi yamangidwa kuseri kwa nyumba, amayi ateleka kale madzi, anyamata anola mpeni, koma aliyense wangoti duu kudikira bambo wa Chisilamu kuti adzaizinge, n'cholinga choti pasapezeke wobwerera ndi njala. Munthu ameneyo ndiye amene mawa adzakufunseni kuti, "Inu Akhristu, Mulungu ali ndi mkazi kuti abereke mwana?"

Funso limenelo musalitenge ngati chipongwe. Iye analiphunzira ku madarasa akadali wamng'ono, ndipo lili m'Kurani, pa sura 6 ndime 101. Kwa Msilamu tchimo loposa onse ndi shiriki, kumuphatikiza Mulungu ndi china chilichonse. Akamva ife tikutchula Mwana wa Mulungu, m'maganizo mwake mumabwera ukwati ndi mimba. Pa sura 5 ndime 116 Mulungu akumufunsa Isa, amene ife timati Yesu, ngati anauza anthu kuti amutenge iye ndi mayi ake Mariyamu ngati milungu. Tsono yambani ndi kuvomerezana naye: zimenezo nafenso timazikana. Palibe mpingo, wa Katolika, wa Anglican kapena wa CCAP, umene umaphunzitsa kuti Utatu Woyera ndi Mulungu, Mariya ndi Yesu, kapena kuti milungu ilipo itatu. Mutsegulireni Deuteronomo 6:4, kenaka Marko 12:29 pamene Yesu mwini akubwereza za umodzi wa Mulungu nati limenelo ndilo lamulo loyamba.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri a inu mumagwa ndi mafanizo anu omwe. Wina amati Utatu uli ngati mafuwa atatu pansi pa mphika. Mwatero mwamupatsa mnzanuyo chigonjetso, chifukwa fuwa limodzi ndi gawo chabe la atatuwo, pamene mpingo umaphunzitsa kuti Atate ndi Mulungu wathunthu, Mwana chimodzimodzi, Mzimu Woyera chimodzimodzi. Wina amati ndi munthu mmodzi amene ali bambo kunyumba, mphunzitsi kusukulu, mkulu wa mpingo Lamulungu. Chiphunzitso chimenecho mpingo unachikana kalekale, ndipo Msilamu wochenjera angokufunsani kuti, "Nanga ku Getsemane Yesu ankapemphera kwa yani?" Inu kukamwa kakasi. Ndi bwino kunena mosabisa kuti Mulungu alibe womufanizira, zimene iyenso amakhulupirira, n'kumuonetsa zimene Malembo akunena. Pa ubatizo wa Yesu, pa Mateyu 3, Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika, Atate akulankhula. Mutu woyamba wa Yohane umati Mawu a Mulungu analipo chilengedwe chisanayambe, ndipo Mawuwo anakhala munthu. Apa pali poyambira pabwino, pakuti Asilamu ambiri amakhulupirira kuti mawu a Mulungu ndi osalengedwa, ndipo sura 4 ndime 171, yomweyo imene imaletsa kunena za atatu, imamutcha Isa mawu a Mulungu ndi mzimu wochokera kwa Iye. Shehe adzakuuzani kuti tanthauzo lake ndi lamulo limene Mulungu analamula kuti Isa akhalepo. Mumvetsereni mpaka amalize, kenaka mumufunse mwaulemu ngati inalipo nthawi imene Mulungu analibe mawu ake.

Akakuuzani kuti Utatu anaupeka ndi mfumu Constantine pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, musachite mantha. Tertullian wa ku Carthage, mu Africa momwe muno, anali atalemba kale za Utatu zaka zoposa 100 msonkhanowo usanachitike. Ndipo mkangano umene unakaweruzidwa kumeneko unabuka ku Alexandria, pakati pa Arius ndi bishopu wake. Msonkhanowo sunasankhenso mabuku a m'Baibulo monga ena amanenera.

Tsopano nkhani yoti Baibulo linasinthidwa. Mfundo zambiri zimene mumamva pamsika n'zimene anafalitsa Ahmed Deedat wa ku Durban, amene makaseti ake, makamaka a mtsutso wake ndi mlaliki Jimmy Swaggart mu 1986, anazungulira dera lonse lino. Deedat ankakonda kutenga Baibulo la King James n'kuonetsa vesi ya 1 Yohane 5:7, yotchula Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera, n'kufunsa chifukwa chake mulibe m'Mabaibulo ena. Apa ndipo anyamata ambiri amapsa mtima n'kuyamba kukana zinthu zoona. Musatero. Mawu amenewo mulibedi m'mipukutu yakale ya Chigiriki. Mapeto a Marko, kuyambira 16:9, komanso nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 8, nazonso mulibe m'mipukutu ina yakale kwambiri. Anatulukira zimenezi ndi akatswiri a Baibulo eni ake poyerekeza mipukutu zikwizikwi, ndipo anazilemba poyera m'munsi mwa masamba. Abusa amaziphunzira kusukulu yawo ya ubusa, ansembe kuseminale ya St Peter's, pompano m'tauni muno. Chikhulupiriro cha Utatu sichinapachikidwe pa vesi imodzi.

Funso lanu kwa iye likhale lakuti: Baibulolo linasinthidwa liti, ndipo ndi yani? Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, zolemba zakale za Baibulo, zinalembedwa m'zaka za m'ma 300, Muhammad asanabadwe, pakuti iye anabadwa cha m'ma 570. Zilipo mpaka lero, gawo lalikulu la yoyambayo ku London, inayo ku Vatican, ndipo imfa ndi kuuka kwa Yesu zili momwemo. Mpukutu wa Yesaya umene unapezeka ku Qumran mu 1947 ndi wakale kuposa kubadwa kwa Khristu. Tsono Injili, kapena kuti Uthenga Wabwino, imene sura 5 ndime 47 imauza Akhristu kuti aweruze nayo ndi iti, ngati si imene anali nayo m'manja pa nthawiyo? Akakutulutsirani buku lotchedwa Uthenga wa Barnaba, dziwani kuti mipukutu yake ndi ya Chitaliyana ndi Chisipanishi, ya zaka mazana ochepa apitawa, ndipo limati Yesu si Mesiya, pamene Kurani imamutcha Isa al-Masih. Za kusiyana kwa Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 n'zosavuta: ndi kumasulira kuwiri kwa buku limodzi.

Pa mtanda pokha simudzagwirizana. Sura 4 ndime 157 imati sanamuphe ndipo sanamupachike, pamene ife chipulumutso chathu chonse chagona pamenepo. Nenani momveka, osachepetsa kuti mnzanu asangalale, komanso osatukwana mneneri wake. Cha mu 781 Timothy, mkulu wa mpingo wa kum'mawa, anakambirana nkhani zomwezi ndi kalifa al-Mahdi, mtsogoleri wa Asilamu, ku Baghdad masiku awiri, sanabise chikhulupiriro chake, ndipo anasiyana mwaulemu. Ife kuno tinaona mu 2019 ku M'manga, ku Balaka, nkhani ya hijabu itafika poswa mawindo ndi kutseketsa sukulu, mpaka a Public Affairs Committee, bungwe limene Akhristu ndi Asilamu amakhalira limodzi kuyambira 1992, analowererapo. Ana ndiwo anakhala pakhomo osaphunzira.

Safunsa anadya phula, choncho musatchule sura imene simunaiwerenge nokha. Kurani ya Chichewa ilipo. Pemphani mnansi wanu akuwerengereni ndime yonse, ndi zapamwamba ndi zapansi pake, monga inunso mungafune kuti iye achite ndi Baibulo. Kambiranani awiri kapena atatu pakhonde, chifukwa pagulu munthu amateteza ulemu wake ndipo samvanso. Shehe wamkulu msinkhu mumutchule kuti a shehe kapena bambo, mukhale pansi polankhula naye. Nthawi ya swala ikakwana mulekeni apite, mudzapitiriza tsiku lina. Ndipo m'mwezi wa Ramadan musayambitse mtsutso dzuwa lili paliwombo munthu ali pa kusala. Dikirani amasule madzulo.