Giza yafa pa lendi: akonze ndani?



Mwezi wa June achimwene anga, omwe amachita lendi ku Biwi, anadzuka kuti asambe asanapite ku swala ya Fajr, n'kupeza giza sikutenthetsa madzi. Kuzizira kwa June ku Lilongwe mukukudziwa. Anaimbira landilodi. Landilodi akuti, "Mwaononga ndinu, konzani." Achimwene akuti, "Nyumba ndi yanu, ine lendi ndimalipira mwezi ndi mwezi." Panatha miyezi iwiri giza ili chomwecho, ndipo anthu awiri omwe amaima mu safu imodzi pa Jumu'ah anafika pomazembana potuluka mumzikiti.

Ku UK malandilodi ena amalipira kampani mwezi uliwonse kuti makina otenthetsa madzi akafa idzakonze. Kuno kwathu timangokhala awiri, mwini nyumba ndi wochita lendi, kuloza chala. Ngakhale a Lilongwe Water Board, paipi ikaphulika mkati mwa mpanda kupitirira mita, si nkhani yawo.

Koma ife tili ndi poyambira. Ku madrasa, mu fiqh, tinaphunzira mutu wa ijara, ngakhale ambiri tinkaodzera chifukwa sitinkadziwa kuti tsiku lina tidzasaka nyumba. Pa ijara sugula nyumba, umagula phindu lake, kukhalamo. Nyumba imakhalabe ya mwini wake. Ndiye chomwe chaonongeka chifukwa chokalamba, kaya ndi malata odontha, khoma long'ambika, paipi yadzimbiri, giza yomwe yatha mphamvu, ndi udindo wa landilodi. Imam An-Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277, anazilongosola m'buku lake la Minhaj at-Talibin mpaka zing'onozing'ono: kupereka kiyi ndi kukonza nyumba ndi za mwini wake, kusesa zinyalala zako pabwalo ndi zako iwe wokhalamo. Ndipo mwini nyumba akapanda kukonza, wochita lendi ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano n'kusamuka. Ufulu wosamuka, abale, osati wokhalamo ulere. Ambiri timalakwitsa pamenepo, timangoti "mwezi uno sindilipira" ngati chigamulo chili m'manja mwathu.

Mbali inayo ndi yomwe imatiwawa. Nyumba ili m'manja mwa wochita lendi ngati amana. Wosunga amana salipira chomwe chaonongeka chokha, koma amalipira chomwe waononga dala kapena chifukwa cha kusasamala.

Pulambala atabwera n'kutsegula giza ija, anafunsa funso limodzi: "Madzi atasiya, munazimitsa switchi?" Achimwene anakhala chete. Sabata imeneyo madzi anasiya masiku awiri, thanki inauma, giza ili choyaka, ndipo element inapsa. Element ikamayaka popanda madzi sichedwa kupsa. Landilodi sanali pomwepo. Pulambala sakanakanena. Amene ankadziwa ndi achimwene, pulambala, ndi Allah (SWT).

Ayah yoyamba ya Surah Al-Ma'idah ikutilamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano. Timaiwerenga bwino ndi tajwid, koma lendi ndi pangano lomwelo. Landilodi amene amafika pa 1 koloko ya tsiku loyamba la mwezi kudzatenga ndalama, koma denga likadontha foni yake sipezeka, akudya ndalama ya phindu lomwe sanapereke. Wochita lendi amene waotcha giza n'kunena kuti "inali yakutha kale" akudyanso chuma cha mnzake mwachinyengo. Zonse ziwiri zidzafunsidwa pa Tsiku la Qiyama, ndipo kumeneko kulibe kwacha yobwezera.

Enafe tikumaliza sukulu, posachedwa tiyamba kusaka nyumba ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25. Musanapereke ndalama, yendani m'nyumbamo ndi mwini wake, tsegulani mipopi, yatsani giza, jambulani pa foni, ndipo lembani papepala kuti chakutichakuti chikafa akonza ndani. Si kusakhulupirirana ayi. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Al-Baqarah 282, ndi yokhudza kulemba ngongole, ndipo inatsikira anthu abwino kuposa ife. Mukafuna kukonza nokha kuti mudzachotsere pa lendi, pemphani chilolezo kaye, ngakhale pa WhatsApp.

Achimwene anatenga masiku atatu akulimbana ndi mtima wawo. Lachisanu atatuluka mumzikiti anawadikirira a landilodi pa nsapato paja n'kuwauza zoona. Element anagula okha. A landilodi nawo anavomera kuti paipi yakuseri, yomwe yakhala ikudontha kuyambira chaka chatha n'kumakweza bilu ya madzi, ndi yawo. Mpaka pano sanaikonze.

Wallahu a'lam.