Kodi Mwana Angasankhe Mpweya Umene Amapuma?

KWA zaka makumi ambiri, amuna ochokera ku Nyasaland, kummaŵa kwa Northern Rhodesia, ndi ku Tete anatsikira m'migodi ya chigawo cha Midlands m'Zimbabwe. Iwo anakumba golidi pa Globe and Phoenix ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi, ndi asibesitosi ku Zvishavane, kumene mgodi wa Shabanie unayamba kugwira ntchito mu 1916. Ambiri sanabwerere kwawo, ndipo Chicheŵa chimamvekabe m'makomboni mmene adzukulu awo akukhala. Amuna ameneŵa anadziŵa chinthu china popanda kuchiŵerenga m'buku: pansi pa mgodi munthu samasankha mpweya. Iye amapuma umene ulipo, ndipo fumbi limene anameza paunyamata limadzamtsokomoletsa paukalamba.

Tsopano talingalirani za wogwira ntchito mumgodi wamakono ataŵeruka. Ndi mwezi wa July, kunja kukuzizira, ndipo mazenera a nyumba ya zipinda ziŵiriyo ngotseka. Iye ayatsa ndudu, kapena chingambwe chokulunga m'nyuzipepala, khanda lili m'tulo pamkeka chapafupi. Kodi mkhalidwe wa khandalo umasiyana motani ndi wa atate wake pansi pa mgodi? Kusiyana kulipo. Atatewo amalipidwa, angapatsidwe chophimba kumphuno, ndipo angadandaule kwa kapitawo. Khandalo lilibe chilichonse cha zimenezi.

“Nyumba Njanga, Ndalama Nzanga”

Atate ena angayankhe motero, ndipo yankholo siliyenera kunyozedwa. Munthu amene tsiku lonse wakhala akulamulidwa ndi ena amafuna malo amodzi pamene iye mwini angalamule. Komabe, ufulu wa kuvulaza mapapu ake ukanakhala nkhani ya iye yekha utsiwo ukanathera m'mapapu akewo. Koma sumathera mmenemo.

Utsi wa fodya uli ndi makhemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 a ameneŵa amachititsa kansa. Mwana wamng'ono amapuma mofulumira kuposa wachikulire, ndipo mapapu ake akali kukula. Chotero ana okhala muutsiwo amadwala kaŵirikaŵiri chibayo, mphumu, ndi nthenda za m'makutu, ndipo makanda amakhala paupandu wokulirapo wa kufa mwadzidzidzi ali m'tulo. Malinga ndi World Health Organization, anthu osasuta oposa miliyoni imodzi amafa chaka chilichonse kaamba ka utsi wa ena. Kodi kutsegula zenera nkokwanira? Lipoti la mu 2006 la dokotala wamkulu wa boma la United States linagamula kuti palibe mlingo wa utsiwo umene uli wosavulaza, ndi kuti kuloŵetsa mphepo m'chipinda sikumachotsa upanduwo.

Malamulo a Zimbabwe a mu 2002 analetsa kusuta m'malo ena opezekamo anthu ambiri, ndipo mu 2014 dzikolo, limene limalima fodya wochuluka koposa mu Afirika, linaloŵa m'pangano la padziko lonse lochepetsa kusuta. Koma palibe wapolisi amene amaima pakhomo la chipinda chogona. Mmenemo mwana ali ndi mtetezi mmodzi yekha, chikumbumtima cha kholo lake.

Nzoona kuti kholo losuta silimafuna kuvulaza mwana wake, ndiponso chivulazocho chimadza pang'onopang'ono. Koma kodi kuchedwa kwa chivulazo kumachepetsa thayo la munthu amene wadziŵitsidwa za icho? Fumbi la m'migodi nalonso linapha pang'onopang'ono, ndipo nkokayikitsa kuti pali mkazi wamasiye m'komboni amene anaona kuchedwako kukhala chodzikhululukira cha eni mgodi.

Pali mbali inanso imene mabanja a m'matauni ameneŵa safunikira kuinyalanyaza. Kufufuza kofalitsidwa mu 1979 ndi Dr. Irving Selikoff ndi anzake, kwa amuna ogwira ntchito ndi asibesitosi ku North America, kunasonyeza kuti fumbilo palokha linawonjezera upandu wa kufa ndi kansa ya m'mapapu pafupifupi kasanu, fodya payekha pafupifupi kakhumi, koma ziŵirizo pamodzi pafupifupi nthaŵi 50. Ndudu imene imadwalitsa mwana lerolino ingamlandenso atate wake asanamalize sukulu.

Kuthandiza Popanda Kuchititsa Manyazi

Ngati mlanduwo uli woonekeratu chotero, kodi nchifukwa ninji makolo okonda ana awo samangoleka? Chifukwa chakuti chikonga chimafika kuubongo m'masekondi oŵerengeka, ndipo thupi lozoloŵera limachifuna mwaukali. Woleka kusuta amakwiya msanga, amasoŵa tulo, ndipo amalephera kusumika maganizo. Mavutoŵa amakula kwambiri mumlungu woyamba ndipo kaŵirikaŵiri amachepa m'milungu iŵiri kufikira inayi. Ambiri amene analekeratu anayamba alephera kangapo.

Chifukwa chake kunyogodola sikumathandiza. Mwamuna wodzudzulidwa pamaso pa ana ake adzatetezera ulemu wake, ndipo adzatero ndudu ili kukamwa. Mkazi wanzeru angasankhe nthaŵi imene ali aŵiriŵiri nanena kuti: “Bambo, anamwino anandifunsa ngati kunyumba kuli wosuta. Kodi simungapite nafe kuchipatala ulendo wotsatira kuti mukamve nokha?” Kumene mawu a mkazi sangamvedwe, amalume, ankhoswe, kapena mnzake wa kuntchito amene analeka kusuta angalankhule. Amayi osuta, makamaka oyembekezera, amafunikira chifundo chofananacho, pakuti iwo amabisa chizoloŵezicho kwambiri poopa kunenedwa.

Sitepe loyamba lingatengedwe usiku womwewo: m'nyumba musasutidwe konse, kaya ndi mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka. Kenako wosutayo angasankhe tsiku lolekera, nauza banja lake, nataya fodya yense wotsala, ndi kufunsa kuchipatala kapena kosungira mankhwala za mankhwala ochepetsa chibaba. Mabwenzi ayeneranso kudziŵa nthaŵi zimene chiyeso chimakula: pamene amuna atuluka mumgodi nayamba kupatsirana moto pachipata, ndi pamapeto a mwezi pamene malipiro ali m'thumba ndipo malo omwera moŵa adzaza. Madzulo ameneŵo mpamene mnzake afunikira kufika panyumba, kukhala naye, ndi kumperekeza kumsika kudzera njira ina.