Njala ya Esau, Mphika wa Yakobo

Kuwerenga: Genesis 25:29-34

Nkhani ya Esau tinaimva tili ku Sande Sukulu, ndipo timaimaliza ndi chigamulo chimodzi: anali wadyera, anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza. Koma tamuonani munthuyu asanadye. Wachokera kuthengo, walefuka ndi njala mpaka akuona ngati afa. Mtengo wa ukulu ankaudziwa, poti anakulira m'nyumba ya Isake. Chabe kuti ukuluwo unali wa mtsogolo, pamene mphodza inali ikubwata pamaso pake.

Ana athu a ku Ndirande, Mbayani, Bangwe, Mtandire ndi Chinsapo za kachirombo ka HIV amazidziwa. Amaziphunzira kusukulu, amazimva pa wailesi. Mtsikana wa Fomu 2 akhoza kukutchulirani njira zonse zomwe munthu amakatengera, osaphonya ndi imodzi. Koma mukamufunsa ngati iye mwini ali pachiopsezo, amayankha kuti, "Ine ayi, ndili naye mmodzi yekha." Mnyamata wa kabaza adzakuuzani kuti amasankha ooneka bwino, onenepa, a m'kwaya. Wina adzati siwiti sadyera m'pepala. Ndipo alipo amene angakuyang'aneni m'maso n'kunena kuti, "Abusa, Edzi inabwerera anthu, kufa n'kufa basi." Mawu otsirizawa amandilasa mtima, chifukwa amatuluka m'kamwa mwa mwana amene sakuona chilichonse cha mawa choti adzisungire.

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anapezeka mu 1985. Ife akuluakulu tinaona zomwe zinatsatira: abale owonda pamphasa, mashopu a mabokosi m'mbali mwa misewu, maliro Lolemba, maliro Lachitatu. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, ndipo tiyamike Mulungu, anthu anadzuka n'kubwerera ku ntchito zawo. Mwana wa zaka 16 lero anabadwa zonsezi zitapita. Iye amaona azakhali ake akumwa piritsi limodzi madzulo, m'mawa n'kupita kukagulitsa kaunjika. Mantha omwe anatigwira ife sanamugwirepo. Komatu kachiromboko sikanachoke. Kafukufuku wa boma wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali nako, ndipo mumzinda wa Blantyre ndi pafupifupi 14 mwa 100. Mwa achinyamata, atsikana ndiwo amakatenga kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo.

Chifukwa chake chili m'makomo mwathu momwemu. Tengani banja la anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi cha lendi, nsalu yotchinga pakati. Eni nyumba agogoda kale kawiri. Ufa ndi wogula kathumba ka tsiku limodzi, makala a kamulu kamodzi. Mtsikana wapita kumwezi, alibe sopo, alibe chovala m'kati, ndipo akuchita manyazi kupempha bambo ake. Pobwera ku mjigo galimoto yaima, bambo wa msinkhu wa malume ake akumuitana "mwana wanga", n'kumupatsa ya ndiwo ndi ya mayunitsi. Mtsikanayu amawerengetsa. Matenda ndi a zaka zikubwerazo, ndiponso mankhwala alipo. Njala ndi ya usiku uno. Ndipo amene wagula sopo ndiye amalamula ngati kondomu ikhalepo kapena ayi.

Apa ndipo ndikufuna titembenuke tione amene wagwira chipande. Yakobo anali mbale wake wa Esau, wobadwa naye tsiku limodzi. Anaona mbale wake ali ndi njala, ndipo m'malo momupakulira, anaika mtengo. Chaka ndi chaka timalalikira Esau, Yakobo timamulumpha. Zidyamakanda sizigwa kumwamba, abale anga. Ena ndi eni nyumba za lendi, ena ndi eni maokala, ena amavala jekete Lamulungu n'kukhala mpando wakutsogolo. Bambo, ngati muli muno ndipo mumagula mwana wa mnzanu ndi paketi ya shuga, Ambuye Yesu pa Mateyu 18 ananena za mphero yomangidwa m'khosi mwa wolakwitsa wamng'ono. Lapani lero, ndipo mukayezetse. Lamulo la dziko nalo likuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Nanunso amayi, ndikunena mwaulemu. Mwana akabwera ndi nyama ya nkhuku inu musanamupatse ndalama, ndipo mwaiphika osafunsa kumene yachokera, mwagwira nawo chipande cha Yakobo. Ndikudziwa kuti kufunsa n'kowawa pamene ana aang'ono akulira njala. Funsanibe.

Ku Zomba anachitako kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Atsikana apasukulu ndi makolo awo ankalandira kandalama kochepa mwezi ndi mwezi. Patapita nthawi, opezeka ndi kachirombo anali ochepa pakati pawo kuyerekeza ndi anzawo osalandira, ndipo ochepa ankayenda ndi amuna aakulu. Anawo sanauzidwe chatsopano chilichonse. Anangochepetsedwa njala. Kalata ya Yakobo mutu 2 imadzudzula munthu wodalitsa wanjala ndi pakamwa pokha, osamupatsa kanthu. Mpingo wotha kusonkha ndalama za matailosi ukhozanso kusonkha za sopo, yunifolomu ndi mayeso a atsikana khumi. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, mumadziwa makomo omwe moto sunayake dzulo. Yambirani pamenepo.

Tsopano inu ana anga. Mulungu akufuna mudzisunge, ndipo mawu amenewo sindidzawasintha. Koma ndikukuuzaninso izi chifukwa ndikufuna mukhale ndi moyo. Kachirombo sikaoneka ndi maso. Munthu amakhala nako zaka zambiri ali wonenepa. "Mmodzi yekha" wako uja sukudziwa kumene anayenda. Kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere. Ngati wina wakugwirira, kapena wagwa usiku wathawu, thamangira kuchipatala maola 72 asanathe. Alipo mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28, oteteza kuti kachirombo kasakhazikike. Usadikire kuti manyazi athe kaye. Ukasowa wokuperekeza, bwera kwa ine kapena kwa amayi busa, tipita limodzi.

Alinso pakati pathu achinyamata amene anabadwa nako. Sanagulitse kanthu, sanalakwire munthu. Ena amabisa botolo la mankhwala pansi pa zovala, ena amaleka kumwa akapita ku msonkhano wa achinyamata poopa kuti anzawo amva kugwedera kwa mapiritsi m'chikwama. Atsogoleri a achinyamata, mukamakonza ulendo wogona komweko, konzani kuti mwana wotere athe kumwa mankhwala ake pa nthawi yake popanda womufunsa. Ndipo iwe mwana wanga, imwa tsiku lililonse osadumphitsa. Kachirombo kakachepa m'magazi mpaka kosaoneka poyeza, sungapatsire mkazi kapena mwamuna amene udzakwatirane naye, ndipo ukhoza kudzabereka ana opanda kachirombo.

Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.