Kodi opareshoni ndi kulimbana ndi Qadar?



Msuweni wanga atabereka mwana wake woyamba, anamwino anamuonetsa kachotupa kofewa kumunsi kwa msana wa khandalo. Madokotala anati ndi spina bifida, ndipo mwanayo akufunika opareshoni pasanathe masiku awiri kapena atatu. Agogo athu, mayi amene sadumpha swala, atamva anangoti: “Ananu, Allah wamulenga choncho. Mukufuna mukamng'ambe chifukwa chiyani? Msiyireni Mwini wake.”

Mawu amenewa anandisowetsa tulo, chifukwa sanachoke mu mtima wouma. Anachoka mu mtima woopa Allah. Koma kodi kusiya mwana osamuthandiza ndiye tawakkul?

Tiyambe tamvetsa vutolo. M'masiku 28 oyambirira a mimba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera, msana wa mwana umakhala ngati kangalande kamene kamayenera kutsekeka. Kakalephera kutsekeka kumunsi, mitsempha imatha kutulukira kunja m'kathumba. Si ufiti, si chilango kwa mayi. Ndipo kumwa folic acid, mamaikirogalamu 400 patsiku, mimba isanabwere ndi m'miyezi yoyambirira, kumachepetsa ngoziyi. Malo otsegukawo ndi khomo la majeremusi, amene angafike ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake madokotala amafulumira kubwezera mitsempha m'kati ndi kutseka pamsanapo. Ana ambiri otere madzi amachulukanso m'mutu, ndiye amawaika kapaipi kotchedwa shunt kotsitsira madziwo m'mimba.

Koma dokotala uja sanatinamize. Anati opareshoni sidzutsa mitsempha imene yawonongeka kale. Mwina mwanayo sadzayenda, mwina sadzatha kugwira mkodzo. Apa funso la agogo linakula: ngati sachiriratu, bwanji kumuvutitsa?

Ndinakumbukira nkhani ya Umar (RA). Ali pa ulendo wopita ku Sham anamva kuti kwagwa mliri, ndipo anaganiza zobwerera. Abu Ubaidah (RA) atamufunsa ngati uku sikunali kuthawa Qadar, yankho la Umar linaonetsa kuti kubwererako nakonso kunali m'kati mwa Qadar. Ndinaona kuti ife timalakwitsa pomwepa. Kachotupa timati ndi Qadar, koma manja a dokotala timawaika kunja kwa Qadar ngati kuti anawalenga ndi wina. Kusiya mwana osapita naye kuchipatala nakonso ndi chisankho, ndipo tidzafunsidwa za chisankhocho.

Akuluakulu athu sanaope mpeni wa dokotala. Al-Zahrawi wa ku Andalus, amene anamwalira cha m'ma 1013, analemba buku la Al-Tasrif la zigawo 30, ndipo m'chigawo cha maopareshoni anafotokozamo ngakhale za makanda amene madzi achuluka m'mutu. Anali Msilamu ngati ife tomwe.

Nanga zoti sachiriratu? Mtengo wa munthu suli m'miyendo. Abdullah ibn Umm Maktum (RA) anali wosaona, koma ankaitanira adhana, ndipo Mtumiki (SAW) ankamusiyira Madina popita ku ulendo. Mwana amene adzayendere njinga ya olumala ndi amanah yathunthu, osati theka.

Opareshoni inachitika, Alhamdulillah. Lero kamnyamatako kali ndi zaka zitatu. Sikayenda, kamakwawa ndi manja, koma kolongolola bwanji! Mayi ake amakachotsa mkodzo ndi kapaipi kangapo patsiku kuti impso zisawonongeke. Amatopa, nthawi zina amalira. Ine sabr ndinaionera pamenepo, pa ntchito ya tsiku ndi tsiku imene palibe amaiombera m'manja. Agogo sananenepo kuti analakwitsa, ndipo sitinawafunse. Koma ndi iwo amene amamubereka mwanayo kumbuyo tsiku la sikelo.

Tsono funso latsala kwa ife achinyamata. Mwana uyu akadzakula, adzalowa bwanji mu mzikiti wathu wa masitepe uja? Ku madrasa adzamulandira? Timafulumira kunena kuti Allah ndiye amadziwa, ndipo n'zoona. Koma simenti yokonzera polowera njinga ili m'manja mwathu, eti?

Allah achiritse odwala athu, alimbitse makolo amene akuwasamalira, ndipo atipatse nzeru yosiyanitsa kuyedzamira mwa Iye ndi kungopinda manja. Ameen.