Kodi Mlendo Angasunge za Eni Mudzi?

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, koma kalumo kameta, kacekanso. Tiyeni, abale, tiyese mauwa pa nchito ya Bambo Claude Boucher, wansembe ndi mmisiri wa zojambula wocokera ku Canada, amene anafika m'Malawi m'caka ca 1967, napatsidwa mfunda wa Chisale.

Ansembe a White Fathers anamanga misioni ya Mua mu 1902. M'zaka za m'ma 1920 misioni ndi dambwe zinalimbana kolimba, zirikulandana ana. Uku sukulu iitana, uku ng'oma iitana. Koma taonani cozizwitsa: a gule anatenga Simoni wofiira nkhope uja, ndi Maria, nawabvinitsa pabwalo. Kubwerekana sikunayambe ndi Bambo Boucher ai.

Iwo anatsegula Kungoni pa Mua pomwepo mu 1976, nasonkhanitsa anyamata kuti aphunzire kusema. Amisiriwo anasema Yesu ndi nkhope ya kuno, ndipo nchito yao inafika kutali, kufikira m'kacisi wa Missio ku Munich. Ena anakhumudwa nazo, koma mlandu uwu ngwapafupi. Zithunzi zakale zinationetsa Ambuye ndi nkhope ya Mzungu, cinkana anabadwira ku Betelehemu, ndipo sitinadandaule.

Mlandu wobvuta uli m'nyumba ya Chamare, m'mene anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Gule ali ndi cinsinsi cace. Cirombo citaturuka pa maliro, eni ace anena kuti ndi mzimu wa makolo, ndipo wosameta sayenera kufunsa zambiri. Nanga m'nyumba muja, m'mene alowa amai, ana a sukulu ndi alendo a kutsidya kwa nyanja? Mkulu wa dambwe amene aona kuwawa mumtima pa ici sali wopusa, ndipo ife Akristu tisafulumire kumseka. Tikadamva bwanji wina atatenga cikho ca pa guwa, naciika poonetsa anthu odutsa?

Komabe ine ndiyesa kuti Bambo Boucher sanabe. Wakuba athamanga, safunsa dzina la cinthu. Iwo anakhala pansi ndi akuluakulu zaka zambiri, nalemba maina a zirombo, nyimbo zao ndi mwambo umene ciriconse ciphunzitsa. Zambiri anaziika m'buku la When Animals Sing and Spirits Dance mu 2012. Pamene a UNESCO analemekeza gule mu 2005, pa Mua anali atayamba kale kumlemekeza, pamalo pomwe anatukwanidwapo.

Cotsala ndi ici: cigoba copacikidwa sicibvina. Ciribe ng'oma, ciribe pfumbi, ciribe amai oyimbira. Mwana akaciona m'nyumba muja waona cikopa cokha, nyama iri kumudzi. Ndipo kunena kuti ici cionekere, ico cibisike, si kwa wansembe kapena kwa ife olemba, koma kwa mafumu a mizinda a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka.