Kodi Nkoyenera Kuti Mkazi Ayende M'thengo Kufunafuna Nzeru?

Tsiku lina la Mulungu, titatuluka m'tchalitchi kuno ku Namitete, mkulu wina, mwini mbumba, adanditengera pambali nati, "Aphunzitsi, mundiweruzireko mlandu uwu. Mwana wa mlongo wanga watsiriza maphunziro a ulimi ku Bunda, ndipo amuitana ku ntchito yoyenda m'minda yakutali kukayesa nthaka ndi mbewu, monga achitira a ku Chitedze aja. Adzagona kwa eni ake masabata ambiri. Kodi anthu sadzati mbumba yanga ndi yoyendayenda?"

Sindidamseke, pakuti mantha ake si achabe. Lilime la pamudzi liluma mkazi msanga koposa mwamuna, ndipo njira zili nazo zoopsa zake. Koma ndidamfunsa chinthu chimodzi, chimene ndifunsanso inu owerenga: mvula ikagwa, ndani alawirira m'thengo kukazula bowa? Ndani adziwa kusiyanitsa utale ndi ndelema ndi bowa wakupha? Si ife amuna ayi. Ndi amayi athu, amene adziwa dambo lomera denje, ndi munda wakale womera chisoso ndi luni. Pa njala ya 2002 mabanja ambiri adaona m'mawa chifukwa cha nzeru zimenezi. Tsono mkazi akayenda m'thengo ndi dengu timtama, koma akayendamo ndi buku ndi pensulo timnena. Kodi tchimo lili m'pensulomo?

Taonani zimene adachita Mayi Jessie Williamson. Iwo adali mmodzi wa anthu amene adafufuza zakudya za m'midzi ya dziko lino mu 1938 ndi 1939, ndipo mu 1955 buku lawo la zomera zothandiza anthu lidasindikizidwa ku Zomba, lokhala ndi maina a ndiwo ndi mitengo m'zinenero zathu. Zambiri za m'menemo ndi zomwe amayi a kumudzi adazidziwa kale. Koma pakadapanda wozilemba, zina zikadalowa m'manda pamodzi ndi agogo.

Ndipo wina asati izi nza Azungu okha. Mwana wa dziko lino, Dr Elizabeth Gomani, adapirira dzuwa la ku Karonga akukumba mafupa a zinyama zazikulu zakalekale zimene zidatha anthu asadakhalepo. Mu 1997 adafotokozera ophunzira a dziko lonse lapansi za kanyama kofanana ndi ng'ona kotchedwa Malawisuchus, ndipo mu 2005 adatcha chinyama china dzina lakuti Karongasaurus. Tiwerenga m'buku la Genesis kuti ntchito yotcha zolengedwa maina idapatsidwa kwa munthu m'munda muja. Ine sindipeza pamene Mlengi adaletsa ana aakazi a munthuyo kuipitiriza. Iye amene apatsa mtsikana maso akuthwa ndi mtima wofunsa sachita molakwitsa, ndipo ife tikakwirira mphatso yotere poopa miseche, mlandu wa kapolo uja wokwirira ndalama ya mbuye wake udzakhala wathu, osati wa mtsikanayo.

Mkulu uja adakhala chete nthawi, nafunsa kuti mwanayo akagona m'nyumba yotani, ndipo akayenda ndi yani. Ndidati limenelo ndilo funso loyenera malume, pakuti udindo wake ndiwo kulambula njira. Tidapangana kuti iye ndi mlongo wake apite kukafunsa akulu a ntchitoyo sabata lisanathe, ndipo akakhutira, amperekeze mwanayo ndi pemphero.